Kosi ya masiku asanu ya SolidWorks Simulation: tipite kapena ndalama zigwire ntchito ina?

Tadala
Moni nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa akuluakulu a pano. Kuntchito kwathu ku Blantyre timapanga zinthu zazitsulo: nsanja za mathanki a madzi, madenga a mashedi, ngolo zokoka ndi thalakitala, zoterozo. Chaka chatha abwana anagula laisensi ya SolidWorks, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira zinthu zoti zipangidwe, ndipo pano akufuna atumize anthu atatu ku kosi ya masiku asanu ya Simulation, gawo lake loyesera pa kompyuta ngati chinthu chingapirire katundu. Ndi ya pa intaneti, aphunzitsi ake ali ku Joni, malipiro ake ndi m'madola, ndiye mukudziwa nokha mmene madola akusowera. Ine ndili mwa atatuwo. Funso langa ndi ili: munthu akamaliza kosi yotere angathe kuuza kasitomala molimba mtima kuti nsanja iyi siigwa? Ku koleji FEA (finite element analysis), njira ya masamu imene Simulation imagwiritsa ntchito, tinangoiona pa bolodi, stiffness matrix ya tizitsulo titatu, mayeso, basi.

Madalitso
Pitani achemwali, musachite kuganiza kawiri. Mukamaliza mulembenso mayeso a CSWA-Simulation, kenako CSWP-Simulation. Masatifiketi amenewo amachokera kwa Dassault Systèmes, eni ake a SolidWorks, ndipo olemba ntchito amawadziwa. Masiku ano zinthu zinaphweka: mwajambula, mwasankha mtundu wa chitsulo, Fixed Geometry pansi, katundu pamwamba, Run. Pamene pafiira pa chithunzi, kusonyeza kuti papanikizika kwambiri, mwakulitsa chitsulo. Ntchito ya sabata yathunthu mumaimaliza nsima isanapse.

Bambo Mwale
A Madalitso, ndikupatseni kantchito kaye. Nsanja ya thanki ya malita 5,000, yotalika mamita 6. Miyendo inayi ya angle iron ya 50 x 50 x 5. Wowotcherera waika zopingasa ndi ma X ake pansi, pakati ndi pamwamba, ndiye kuti mwendo uliwonse uli ndi mamita 3 opanda chougwira. Madzi okha ndi matani 5, pafupifupi 49 kN, mwendo uliwonse wasenza 12.3 kN. Mwaika mu pulogalamu yanuyo, static study, zonse zatuluka zabuluu, stress (kupanikizika kwa chitsulo) 26 MPa, factor of safety pafupifupi 10, ndiye kuti chitsulocho chingapirire stress imeneyo kuwirikiza kakhumi. Musaina?

Madalitso
Factor of safety 10? Ndisaina ndi manja awiri kkkk. Mwinanso ndingachepetse chitsulo kuti kasitomala asawononge ndalama.

Yamikani wa ku Johannesburg
A Madalitso, tsiku lodzaza thanki imeneyo musadzaime pansi pake.

Pa 26 MPa pulogalamu sinaname. Angle ya 50 x 50 x 5 ili ndi area ya 480 mm², mukagawa 12,300 N ndi 480 mupeza nambala yomweyo. Koma mwendo wautali wowonda sudikira kuti stress ifike pa yield, pomwe chitsulo chimayamba kugonja, umangopindikira cham'mbali mwadzidzidzi, ndiyo buckling imeneyo. Angle ili ndi mbali imene imapindika mosavuta kwambiri, ndipo I yake kumeneko, nambala yosonyeza mmene kaumbidwe kake kamakanira kupindika, ndi pafupifupi 45,500 mm⁴ basi. Ikani mu formula ya Euler yopezera katundu amene angapinde mwendo, π²EI/L², E (kuuma kwa chitsulo) akhale 200,000 MPa, L (utali wopanda chougwira) akhale 3,000 mm. Mupeza pafupifupi 10 kN. Mwendowo ukufunika kusenza 12.3, ndipo apa sitinawerengere thanki yeniyeniyo, zitsulo zapamwamba, mphepo, kapena munthu wokwera kukakonza paipi. Ndiye kuti madzi asanafike pakamwa pa thanki, nsanja yagwada.

Mukaika zopingasa pa mita imodzi ndi theka iliyonse, Euler akupatsani 40 kN, kuwirikiza kanayi, chifukwa L ali ndi square. Kunoko malamulo a zomanga zachitsulo a SANS 10162 salola n'komwe slenderness (kuwonda kwa chitsulo poyerekeza ndi utali wake) yopitirira 200 pa chitsulo chopanikizidwa. Yanuyi ndi 3,000 kugawa ndi 9.7, yomwe ndi radius of gyration ya angle imeneyi mu mm, yadutsa 300.

Madalitso
Chabwino, koma mukunditsimikizira mfundo yanga yomwe. Buckling study ilimo mu SolidWorks momwemo. Munthu amene wapita ku kosi akudziwa pomwe pali batani lake. Zowerengera ndi pensulo zinali zanthawi yanu madala, tsabola wakale sawawa.

Bambo Mwale
Batani lilipo, sindikukana. Koma ndani akukuuzani kuti mulidine? Pulogalamu siikufunsani kuti kodi mwaganizako zoti mwendowu ungapindike. Mwaifunsa za stress, yakuyankhani za stress, yakupakirani buluu, inu mwasangalala.

Pa 18 January 1978 denga la Hartford Civic Center ku America linagwa usiku, patangopita maola ochepa anthu masauzande atatuluka kowonera basketball. Linali denga lalikulu la space frame, lowerengedwa ndi kompyuta, ndipo zitsulo zake zinali ma angle anayi anayi olumikizidwa ngati mtanda. Kuwerengera kwake kunatenga kuti zitsulo zapamwamba n'zogwiridwa pakati, pamene zam'mphepete sizinali zogwiridwa mokwanira. Nthawi yomwe ankalikweza, denga linatsika kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi zomwe kompyuta inanena, koma ntchito inapitirira chifukwa anthu anakhulupirira mapepala awo. Kutagwa chipale chofewa, zitsulo zinapindika, denga lonse pansi. Ndi vuto lomwe lija la nsanja ya thanki, kungoti lalikulu.

Kondwani wa ku Aberdeen
Bambo Mwale mwandikumbutsa nkhani yomwe kuno aliyense wogwira ntchito za mafuta am'nyanja amauzidwa akangoyamba. Sleipner A, ku Norway, pa 23 August 1991. Anamanga tsinde la konkire la pulatifomu, lazipinda 24, ndipo ankaliyesa polimiza pang'onopang'ono mu Gandsfjord pafupi ndi Stavanger. Khoma lina linang'aluka, madzi analowa kuposa mphamvu ya mapampu, chinthu chonse chinamira kupitirira mamita 200. Chitagunda pansi, makina oyezera zivomezi analemba 3.0. Palibe anafa, koma ndalama zomwe zinalowa m'madzi zinali pafupifupi madola 700 miliyoni.

Ofufuza anapeza kuti model ya NASTRAN inachepetsa shear stress ndi 47 peresenti pamalo pomwe makoma a zipinda zitatu amakumana, chifukwa ma element a pamenepo, tizidutswa tomwe chinthu chimagawidwamo powerengera, anali osaumbika bwino, komanso zitsulo zam'kati mwa konkire pamalopo zinali zazifupi. Tsono taonani, NASTRAN ndi pulogalamu yomwe inayambira ku NASA, ndipo amene ankaigwiritsa ntchito sanali ana a sukulu. Apa batani lolondola analidina ndithu. Chinalakwika ndi mesh, ukonde wa ma element aja, ndipo panalibe amene anazindikira kuti nambalayo siikumveka.

Chisomo
Pepani, ine ndi wa chaka chachitatu, ndikufuna ndimvetse. Mesh ingalakwike bwanji poti pulogalamu imaipanga yokha?

Mai Chirwa
Funso labwino Chisomo, ndipo ndi pomwe ine ndimayambira ndi ophunzira anga.

FEA n'kuduladula chinthu m'tizidutswa tosavuta kuwerengera, kenako n'kutilumikiza pa ma node, mfundo zomwe timakumanirana. Njirayi inakula m'ntchito yowerengera mapiko a ndege ku Boeing cha m'ma 1956, ndipo Ray Clough wa ku Berkeley ndi amene anaipatsa dzina lakeli mu 1960. Yankho lomwe mumapeza si la chitsulo chenicheni, ndi la tizidutswa timeneto. Tikakhala tikuluakulu kapena topotoka, yankho nalo limapotoka. Pulogalamu imapanga mesh yokha, inde, koma siidziwa pomwe inu mukufuna yankho lodalirika.

Sabata yoyamba sindilola aliyense kuyatsa kompyuta. Timapita ku workshop, timatenga flat bar ya 25 x 6, timaimanga pa vice mogoneka, kutuluka kunja mamilimita 400. Kunsonga timapachika chigubu cha malita 5 chodzaza madzi, ndiye 49 N. Aliyense awerengere kaye papepala: I ndi 450 mm⁴, PL³/3EI ikupereka mamilimita 11.6, stress pa vice pafupifupi 131 MPa. Kenako timaika dial gauge n'kupachika chigubu. Kawirikawiri chitsulo chimatsika kupitirira pang'ono zomwe tawerengera, ndipo ndimawasiya akangane okha mpaka wina atazindikira kuti vice nayo imalola pang'ono, siigwira ngati mmene buku limanenera. Munthu amene waona zimenezo ndi maso ake saika Fixed Geometry mwachisawawa.

Tikatero ndi pomwe timapita pa kompyuta ndi kachitsulo komweko. Ndimawauza ayambe ndi draft quality mesh, yomwe mu SolidWorks ndi ma tetrahedron a ma node anayi. Akaika element imodzi yokha m'kuchindikala kwa 6 mm, kutsika kumatuluka kochepa kwambiri poyerekeza ndi 11.6, chifukwa ma element amenewa ndi ouma pa kupinda. Akasinthira ku high quality, a ma node khumi, nambala imayandikira ya papepala. Chitsulo chomwecho, katundu yemweyo, mayankho awiri, ndipo zithunzi zonse ziwiri n'zokongola mofanana.

Chinanso chimawadabwitsa. Akamachepetsa mesh, kutsika kumakhazikika, koma stress ya pangodya pomwe agwirira imangokwerabe osaleka. Ena amathamanga kudzandiuza kuti chitsulo chithyoka. Ayi, imeneyo ndi singularity. Pangodya yakuthwa yam'kati, kapena m'mphepete mwa malo ogwiridwa mosasunthika, masamu amapereka stress yopanda malire, ndiye mesh ikamachepa nambala imangoithamangira. Kufiira kumeneko sikukuuzani kanthu. Muwerenge stress patali pang'ono, kapena muike fillet yeniyeni (kuzunguliza ngodyayo) ngati ndi pamenepo mukufuna yankho. Ndiye mukuona a Madalitso, buluu wa pa nsanja uja anali wabodza, ndipo kufiira uku nakonso n'kwabodza.

Chisomo
Eeh, zimenezi ndinaziona pa project yanga, ndinangokulitsa mesh mpaka kufiira kutachoka.

Yamikani wa ku Johannesburg
Kkkk simuli nokha, ambiri amatero. Ena amangosintha malire a mitundu pa chithunzi kuti zonse zioneke zobiriwira.

Tadala
Ndiye mukutanthauza kuti ndikawauze abwana kuti asiye? Mwandiopseza tsopano.

Yamikani wa ku Johannesburg
Ayi achemwali, pitani. Kosi imeneyo ikuphunzitsani zinthu zomwe panokha mungavutike nazo miyezi: nthawi yogwiritsa ntchito beam element, shell kapena solid, kuika contact, ma bolt connector, kuchepetsa mesh pamalo amodzi okha. Pa nsanja ngati zanu, munthu wosaphunzira amaika solid mesh pa angle iron yonse ya mamita 6, laputopu n'kuyamba kulira mpaka magetsi kuzima asanapeze yankho, pamene ndi beam element zimatha m'masekondi. Koma dziwani kuti makosi a ogulitsa pulogalamu amaphunzitsa pulogalamu. Zitsanzo zake n'zokonzedwa kale kuti zituluke bwino.

Choyamba, kaoneni laisensi yomwe muli nayo musanalipire. SimulationXpress, yomwe imabwera ndi SolidWorks iliyonse, imangotha chinthu chimodzi chimodzi, osati zolumikiza. Linear static ya zolumikiza ili mu SolidWorks Premium ndi Simulation Standard. Buckling ndi frequency zimayambira mu Simulation Professional, nonlinear ili mu Simulation Premium. Mutha kukaphunzira batani lomwe kuofesi kwanu kulibe.

Chachiwiri, pemphani aphunzitsiwo kuti tsiku limodzi likhale la zinthu zanu. Tengani chojambula cha nsanja yomwe munapanga kale.

Kuntchito kwathu timapanga zida za m'migodi, ndipo wobwera kumene sapatsidwa model yakeyake. Miyezi yoyamba amangofufuza ma model a anzake. Lipoti lililonse liyenera kuonetsa kuti ma reaction, mphamvu za pamalo ogwiridwa, akufanana ndi katundu yemwe waikidwa, kuti mesh yachepetsedwa ndipo yankho silinasinthe kwenikweni, komanso tsamba limodzi lowerengera pamanja. Likasowa chimodzi mwa izi, wamkulu wathu salitsegula n'komwe.

Kondwani wa ku Aberdeen
Onjezanipo ma unit. SolidWorks imakutetezaniko chifukwa mumasankha nokha, koma mapulogalamu ena a FEA monga Abaqus ndi CalculiX alibe ma unit, amangolandira manambala. Ngati mwajambula mu mm ndipo mphamvu ili mu N, ndiye E ndi 200,000 osati 200e9, ndipo density ya chitsulo ndi 7.85e-9, matani pa mm³. Mukalemba 7850 pamenepo, frequency yanu ituluka yamisala koma pulogalamu siidandaula.

Wongani
Ife amene tilibe abwana otigulira laisensi nde titani? Amene ali ndi pulogalamu ya FEA ya Ansys yothyola anditumizireko ku inbox.

Admin
A Wongani, zothyola pano ayi, malamulo a gulu mukuwadziwa. Amene akudziwa zaulere zovomerezeka athandize.

Limbani
Zaulere zilipo zambiri achimwene, ndipo n'zamphamvu. CalculiX ndi yaulere, analemba ndi Guido Dhondt ndi Klaus Wittig a ku Germany, ndipo kalembedwe ka fayilo yake n'kofanana kwambiri ndi ka Abaqus, ndiye zomwe mwaphunzira sizitayika. Payokha ndi yowuma kugwiritsa ntchito, koma mukaika PrePoMax, yomwe inachokera ku University of Maribor ku Slovenia, imaoneka ngati mapulogalamu ogulawa. Ili ndi static, buckling, frequency, contact, ngakhale nonlinear. FreeCAD nayo ili ndi gawo la FEM lomwe limayendera CalculiX yomweyo. Kulinso Code_Aster ya EDF, kampani ya magetsi ya ku France, koma imeneyo zolemba zake zambiri zinayambira m'Chifalansa ndipo ndi yovuta kwa woyamba.

Ansys Student ndi yaulere koma ili ndi malire a kukula kwa model, Abaqus Learning Edition imathera pa ma node 1,000. Zonse ziwiri ndi zophunzirira zokha, simungapangire ntchito ya kasitomala. Ine nsanja ya Bambo Mwale ija ndaiyesa pompano mu PrePoMax mwendo umodzi wokha, buckling factor yatuluka yosakwana 1, kutanthauza kuti mwendowo upindika usanasenze katundu yense, mogwirizana ndi Euler wa a Yamikani.

Mai Chirwa
Ine ndimaona kuti malire a ma node 1,000 ndi abwino kwa wophunzira. Amakukakamiza kuganiza za symmetry, ndi kusankha pomwe pakufunika mesh yaing'ono. Wophunzira amene wapatsidwa kompyuta yamphamvu tsiku loyamba amangochepetsa mesh paliponse n'kumadikira.

Zoyesera nokha zilipo zodziwika mayankho. Mbale yachitsulo yotambalala yokhala ndi kabowo kakang'ono pakati, mukaikoka, stress m'mphepete mwa bowo iyenera kukhala katatu ya kutali ndi bowolo. Kirsch anazipeza mu 1898, kulibe kompyuta. Ngati model yanu siikuyandikira 3, vuto lili kwa inu. NAFEMS, bungwe lomwe linayamba ku Britain mu 1983 chifukwa cha nkhawa yomweyi yoti anthu akukhulupirira mayankho osawayesa, ili ndi ma benchmark ake. Ya LE1, ya mbale yooneka ngati dzira, yankho lake ndi 92.7 MPa. Mukaipeza nambala imeneyo ndi mitundu iwiri ya ma element, mwaphunzira zambiri kuposa kuonera mavidiyo sabata yonse.

Madalitso
Zonsezi ndazimva aphunzitsi, koma tisachite ngati pensulo imatha zonse. Ndipatseni formula ya bracket yolumikizira ngolo ku thalakitala, yokhala ndi mabowo atatu, ma gusset awiri ndi chitsulo chopinda. Palibe. Kumeneko FEA ndi yokhayo. Ndipo anzathu akunja akupanga topology optimisation, kompyuta kusankha yokha kaumbidwe ka chinthu, pamene ife tikukanganabe za Euler.

Kondwani wa ku Aberdeen
Apo ndikugwirizana nanu. Ntchito yomwe ndimagwira singatheke pamanja, ndipo palibe akunena kuti tibwerere ku slide rule. Koma bracket yanuyo muthabe kuiyerekeza ndi cantilever, chitsulo chogwiridwa mbali imodzi ngati cha pa vice chija, n'kudziwa ngati yankho liyenera kukhala cha m'ma 50 MPa kapena 500. Ndiponso bracket ya ngolo siithyoka tsiku loyamba. Imang'aluka pomwe pawotchereredwa itayenda chaka m'misewu ya maenje. Imeneyo ndi fatigue, ndipo chithunzi cha stress cha von Mises sichikuuzani. Pamafunika kuwerenga stress pafupi ndi weld mwa njira yake, n'kuiyerekeza ndi magulu a mu EN 1993-1-9, malamulo a ku Ulaya a fatigue ya zitsulo, kapena malangizo a IIW, bungwe loona za kuwotcherera. Pa fatigue ya weld, kugula chitsulo cholimbirapo cha S355 m'malo mwa S275 sikuthandiza kwenikweni, chomwe chimalamula ndi kaumbidwe ka cholumikiziracho ndi luso la wowotcherera. Kosi ya masiku asanu ikangokhudzako nkhani imeneyi, mwachita mwayi.

Bambo Mwale
A Tadala, funso lanu loyamba lija linali lokhudza kuuza kasitomala. Satifiketi ya Dassault imanena kuti mumadziwa pulogalamu yawo. Siikupatsani mphamvu yosainira. Kuno kwathu wosaina ndi injiniya wolembetsedwa ku Malawi Engineering Institution, ndipo nsanja ikagwera munthu, amene adzafunsidwe ndi iyeyo, osati SolidWorks. Ndiye pezani wolembetsedwa woti aziona ma model anu oyamba, ngakhale kampani ikhale ikumulipira pa ola.

Chinanso chomwe kosi ya ku Joni siingakuuzeni: gulani vernier, choyezera kuchindikala kwa chitsulo. Chitsulo cholembedwa 5 mm pa risiti chiyezeni chisanadulidwe. Ndaonapo angle yogulidwa ngati ya 5 koma poyeza ili 4 ndi pang'ono, ndipo palibe pepala losonyeza kuti ndi chitsulo cha mtundu wanji. Mu pulogalamu mwasankha S275 yoyera bwino, mwendo wowongoka ngati muvi. Ku workshop mwendo wabwera wokhota kale chifukwa cha mmene anaumangira pa lole, ndipo wowotcherera waulumikiza pakati chifukwa utali sunakwane. Linear buckling ya pa kompyuta imatenga kuti chitsulo n'chowongoka bwinobwino, n'chifukwa chake nambala yake imakhala yokwera kuposa zenizeni, ndipo ma code amaitsitsa dala. Musadzaone buckling factor ya 1.3 n'kunena kuti zatheka.

Madalitso
Za vernier zo nde zoona madala, ineyo zinandichitikira pa square tube.

Tadala
Ndafunsa kwa amene amasamala makompyuta athu. Tili ndi SolidWorks Premium basi, ndiye buckling tilibe. Ndiwauza abwana kuti apite awiri m'malo mwa atatu, ndalama ya wachitatuyo tilipire injiniya woti azitiyang'anira, ndipo buckling tiziyesa mu PrePoMax ndi papepala mpaka tidzaone ngati n'koyenera kukweza laisensi. Kaya avomera. A Limbani, mungationetseko mmene mwachitira mwendo uja?

Limbani
Palibe vuto. Loweruka 3 koloko masana pa Google Meet, ngati magetsi alola. Amene akufuna atsitsiretu PrePoMax, ndi ya Windows, ndipo siifuna kuikidwa, mumangomasula zip.

Mai Chirwa
Ndidzalowa nawo, koma aliyense abwere atawerengera kale Euler wa mwendo wake papepala. Chisomo, nanunso.

Wongani
Ine laputopu yanga ndi ya 4 GB, ikwanitsa?

Limbani
Mwendo umodzi ikwanitsa bwinobwino, mungotseka Chrome. A Tadala, nsanja yanuyo muitumize ngati fayilo ya STEP, fayilo ya SolidWorks PrePoMax siitsegula. Mulembenso kutalika kwa pakati pa zopingasa ndi kuchindikala komwe mwayeza ndi vernier.